Mlangizi wosafuna kuti ukule: zimene mabuku akale a ku Russia akutionetsa

Pachimalawi munthu sakula yekha. Mtsikana akatha msinkhu amapita m'manja mwa anamkungwi, banja likamayamba pamakhala ankhoswe, ndipo mayi woyamba geni amatsamira pa mnzake amene anazolowera kale kuoloka pa Zobue kukaoda katundu. Kumphakati nako tili ndi akuluakulu otiongolera. Tinakula tikumva kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo n'zoona. Koma ulemu womwewu umene timapereka kwa alangizi ndiwo khomo limene munthu wa mtima wina amalowerapo mosavuta. Wakuba wothyola zenera timamudziwa msanga. Wobwera ndi malangizo timamuyalira mkeka, n'kumuphikira tiyi.

Mlembi wina wa ku Russia, Fyodor Dostoevsky, amene anabadwa m'chaka cha 1821 n'kumwalira mu 1881, anawadziwa bwino anthu otere. Anakhalapo m'ndende ya ukaidi wa kalavulagaga ku Siberia kwa zaka zinayi, kumene anaona mmene munthu amasinthira akapatsidwa mphamvu pa mnzake. Mabuku ake ndi a dziko lachisanu, la anthu a mayina ovuta kutchula, koma mukamva zochitika zake mudzayamba kuona nkhope za kwa Kanduku, kwa Nthache ndi pa boma pomwe.

Mlendo amene analanda nyumba

M'buku lake la mu 1859 lonena za mudzi wa Stepanchikovo muli bambo wina dzina lake Foma Opiskin. Poyamba Foma sanali kanthu. Ankakhala pakhomo pa mkulu wina wa asilikali wokalamba, ntchito yake kumuwerengera mabuku ndi kumuseketsa potsanzira nyama. Mkuluyo atamwalira, mkazi wake wamasiye, amene ankamuona Foma ngati munthu woyera, anasamuka naye kupita kwa mwana wake Yegor Rostanev, msilikali wopuma pantchito, bambo wofatsa wa ana awiri amene mkazi wake anali atamwalira. Foma analowa m'nyumbamo ngati mlendo wodyera chifundo. Posakhalitsa anadziika kukhala mlangizi wa banja lonse pa nkhani za makhalidwe ndi za mzimu.

Onani mmene ankagwirira ntchito. Sankamenya munthu. Chida chake chinali kuchititsa mwini nyumba kudziona wolakwa nthawi zonse. Yegor akasangalala, Foma amati ndi wodzikonda. Akamuchitira zabwino, amati akumunyoza pomukumbutsa umphawi wake. Anamumetetsa ndevu zam'mbali ponena kuti zikumuonetsa ngati Mfalansa. Anakakamiza wantchito wokalamba, Gavrila, kuphunzira Chifalansa. Anazunza mnyamata wina wantchito chifukwa cholota ng'ombe yoyera usiku uliwonse, ati maloto otere ndi achimidzi. Tsiku lina analamula kuti Lachinayi likhale Lachitatu, ndipo pakhomopo anavomera, sabata imeneyo inakhala ndi Lachitatu kawiri. Tsiku la chikondwerero cha kamwana ka Yegor litayandikira, nsanje inamugwira, n'kulengeza kuti tsiku lomwelo ndi lakenso. Anafika pofuna kuti mwini nyumba azimutchula tsiku lathunthu ndi dzina laulemu loyenera mkulu wa asilikali, chonsecho iye sanagwirepo mfuti.

Nkhani ya Lachitatu ija imaseketsa, koma ndi pamene pagona nkhani yonse. Foma analibe nazo ntchito za masiku a sabata. Ankayesa kuti aone ngati anthuwa angakane chimene maso awo akuona chifukwa choti iye wanena. Munthu akavomera bodza laling'ono lotere pofuna mtendere, mawa amavomera lalikulu, ndipo pamapeto pake amayamba kukayikira nzeru zake zomwe. Mayi amene amati "ine sindidziwa kanthu, ndifunse kaye kwa adadi" pa nkhani ya mwana wake wodwala, kapena ya ndalama za manachesi amene walima yekha, sanayambe choncho. Anayamba ndi kuvomera tinthu ting'onoting'ono.

Chida chachiwiri cha Foma chinali kuopseza kuti achoka. Akangotsutsidwa pang'ono amamanga kamtolo kake, n'kumati akafera kumsewu popeza pano sakumufuna. Mayi ake a Yegor amakomoka, akazi a pakhomopo amalira, Yegor amapepesa pa mlandu umene sakuudziwa. Nthawi ina Yegor analimba mtima, anamupatsa ndalama zambiri, zokwana 15,000 za kwawoko, kuti akakhale payekha. Foma anazimwaza pansi, nati sangagulidwe, ndipo amene anatsala ndi manyazi ndi woperekayo. Apa pali chinthu chofunika kuchimvetsa. Ambiri timaganiza kuti mlangizi wabodza amadziwika ndi dyera la ndalama, ndiye tikaona wina akukana ndalama timati ameneyu ndiye weniweni. Alipo ena amene njala yawo si ya ndalama, ndi ya kugwadiridwa. Oterewa ndi ovuta kuwachotsa kuposa akuba.

Mathero a bukuli ndi owawa ngakhale amaoneka ngati okoma. Foma atanyoza mtsikana amene Yegor ankafuna kumukwatira, Yegor anapsa mtima koyamba, anamunyamula n'kumuponyera kunja mvula ya mabingu ili pafupi. Sipanapite nthawi, a pakhomo pomwepo anachonderera kuti akamutenge. Atabwerako anaona kuti mphepo yasintha, ndiye anadalitsa yekha ukwati umene ankaukaniza. Onse anamuthokoza ngati mpulumutsi, ndipo analamulira nyumbayo zaka zina zisanu ndi ziwiri mpaka imfa yake. Munthu wotere akaona kuti mwatsala pang'ono kumasuka, amakupatsani chinthu chimene chinali chanu kale, inu n'kumuthokoza.

Ife a ku Mwanza sitifunika kupita ku Russia kuti timvetse zimenezi. Amayi achikulire akukumbukira nthawi imene Dr. Kamuzu Banda ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani ya amayi onse, amayiwo n'kukhala mbumba yake yomuvinira kulikonse kumene wapita. Dzina la nkhoswe ndi lokoma, limatanthauza woteteza. Koma mu ulamuliro womwewo, mu Meyi 1983, Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku msewu wa ku Thambani, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Ambiri ankakayika, koma anavomera kuti Lachinayi ndi Lachitatu. Zinatengera kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 kuti anthu amve poyera, m'matchalitchi, zimene ankangonong'onezana.

Wakatapila ndi mwana wamasiye

Nkhani yachiwiri ndi yaifupi koma yolemera, ndipo ikukhudza ana athu aakazi. Dostoevsky anailemba mu 1876 atawerenga m'nyuzipepala za mtsikana wosoka zovala amene anadziponya pazenera atakumbatira chithunzi chopatulika. Dzina la nkhaniyo pa Chirasha ndi Krotkaya, kutanthauza mkazi wofatsa.

Wofotokoza nkhaniyo ndi mwamuna wa zaka 41, wokongoza ndalama polandira chikole, amene kwathu kuno tingamutche wakatapila. Kwa iye kumabwera mtsikana wamasiye wa zaka 16, akupinyolitsa tinthu timene makolo ake anamusiyira kuti apeze ndalama zolengezera m'nyuzipepala kuti akufuna ntchito yophunzitsa ana. Bamboyu akuyamba ngati mlangizi. Akumuonetsa mmene angalembere chilengezocho kuti chikope anthu. Kenako akufufuza mwamseri za moyo wake kudzera kwa wantchito wa pakhomo, Lukerya, ndipo akumva kuti mtsikanayo akukhala ndi achibale awiri aakazi amene akumugwiritsa ntchito ngati kapolo, ndiponso akufuna kumukwatitsa kwa mwini golosale wachikulire. Akudikira mpaka tsiku limene mtsikanayo wasowa kolowera, ndiye akufika ndi mawu a ukwati.

Taonani kuti sanasankhe mtsikana aliyense. Anasankha wopanda bambo, wopanda mayi, wopanda malume woti n'kufunsa mafunso. Iye mwini akuvomereza kuti kusiyana kwa zaka zawo kunkamusangalatsa. Atalowa m'banja, mtsikanayo anabwera ndi chikondi, akumufotokozera za ubwana wake, koma mwamunayo ankamuyankha ndi chete. Anachita kukonza kuti azimulera ndi kusalankhula ndi kuumira pa ndalama, kuti mkaziyo adzazindikire yekha kuti anakwatiwa ndi munthu wamkulu, adzamugwadire. Kwa iye amenewa anali maphunziro. Mtsikanayo anayesa kulimbana naye, mpaka tsiku lina anamuloza ndi mfuti kumutu akuganiza kuti ali mtulo, koma sanawombe. Mwamunayo anali maso. Sanamukalipire, anangogula bedi lina ndi chotchinga, n'kumugoneka payekha. Mkaziyo anadwala milungu ingapo, nyengo yonse yachisanu inatha ali chete, akuonda. Mwamunayo atasintha mwadzidzidzi n'kuyamba kumugwadira ndi kumulonjeza ulendo wa kunja, zinamuopsa koposa. Tsiku lina mwamunayo atatuluka, anadziponya pazenera atanyamula chithunzi cha Amayi Maria chimene anapinyolitsa kale. Ndipo mwamuna uja, atakhala pafupi ndi maliro, akubwerezabwereza kuti anangochedwa ndi mphindi zisanu.

M'banja limeneli simunamveke kulira kwa munthu womenyedwa. Mwamunayo sankamwa, ankalipira dokotala, chakudya chinalipo. Akanakhala kwathu kuno, ankhoswe akanamuuza mtsikanayo kuti apirire, wapeza bambo wabwino womuchotsa pa umphawi. Ndiye tidzifunse, amayi, kuti ndi kangati tabweza mwana ndi mawu akuti "bola sakukumenya". Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 silinena za zibakera zokha. Limatchulanso nkhanza za m'maganizo ndi za pachuma, ndipo khoti lingathe kupereka chiletso choteteza wozunzidwayo. Thupi nalo limachitira umboni. Munthu wokhala mwamantha masiku onse amasowa tulo, mutu sumupola, mtima umathamanga, chakudya sichilowa. Mnzanu wa m'bungwe amene anali wansangala akayamba kuonda ndi kukhala duu, osamangoti ndi malungo. Ndipo akanena mawu oti moyo watopa nawo, musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Wakatapila uja masiku ano amavala zovala zina. Ndi mphunzitsi amene akuti azimuphunzitsa mwana wanu masamu payekha madzulo, kwaulere. Ndi bambo wa galimoto zazikulu zodutsa pachipata amene wayamba kulipira fizi ndi kugula foni, akuti akumuona ngati mwana wake. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho mawu akuti "anavomera yekha" asatitseke pakamwa. Nthawi zina ndi mayi mnzathu, "anti" wovala bwino amene akudziwa njira ya ku Joni kapena ya ku maiko a Aluya. Mu Malichi 2024 wailesi ya BBC inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino n'kukapezeka ali ngati akapolo m'nyumba za anthu ku Oman, atalandidwa mapasipoti. Oposa 50 anathandizidwa kubwerera, ndipo chiyambi chake chinali gulu la pa WhatsApp limene anatsegula Mmalawi wina wokhala ku America, Pililani Mombe Nyoni. Chimene chinawapulumutsa ndi chimene mtsikana wa m'nkhani ija analibe: anthu ena olankhula nawo. Lamulo lothana ndi mchitidwe wogulitsa anthu la mu 2015 limapereka chilango cha zaka 14 kundende, ndipo ngati wogulitsidwayo ndi mwana zimafika 21. Ife okhala m'mbali mwa msewu wa ku Tete tiyenera kulidziwa lamuloli kuposa ena onse.

Pali njira inanso imene Dostoevsky anaionetsa m'buku lake lalikulu la mu 1872, lotchedwa Ziwanda. Linachokera pa mlandu weniweni: mu Novembala 1869 Sergey Nechayev, mtsogoleri wa kagulu kachinsinsi ka achinyamata ku Moscow, anachititsa anzake kupha mnzawo Ivan Ivanov, wophunzira za ulimi, amene anayamba kumutsutsa. M'bukumo mtsogoleri wa kagulu, Pyotr Verkhovensky, akuphetsa Shatov ndi cholinga choti otsalawo amangike pamodzi ndi mlanduwo, pasapezeke wothawa. Kumanga munthu ndi chinsinsi chochititsa manyazi ndi njira yakale. Lero ndi chithunzi chamaliseche chosungidwa mufoni ya mwamuna. Ndi ngongole ya kubanki mkhonde yotengedwa m'dzina lanu koma ndalama n'kudya "mlangizi" wa geni. Ndi kaphukusi kamene anakupemphani kuti muolotse pachipata osakuuzani zam'kati. Mukangochita kamodzi, amakuuzani kuti mukaulula tonse timangidwa. Nthawi zambiri amene ali ndi zambiri zoti ataye ndi iyeyo, ndipo n'chifukwa chake akulimbikira kuti mukhale chete.

Tisanamizane kuti zimenezi zimachitika kwa aneneri a m'matenti okha. N'zoona kuti ku Shakahola m'dziko la Kenya, mu 2023, anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu otsatira Paul Mackenzie, amene ambiri anafa ndi njala atauzidwa kuti asale kudya. N'zoonanso kuti kwathu kuno alipo ouza odwala kuti ataye ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa apemphereredwa, ndipo mlangizi aliyense wonena zimenezo mumuthawe ngakhale atakhala wokoma pakamwa chotani. Koma Jean Vanier anali Mkatolika wolemekezeka dziko lonse, amene anayambitsa bungwe la L'Arche losamalira anthu olumala. Mu Febuluwale 2020, iye atamwalira kale, bungwe lake lomwe linaulula kuti anachita nkhanza zogonana kwa amayi asanu ndi mmodzi amene ankabwera kwa iye kudzalandira uphungu wauzimu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2019 Papa Francis anakhazikitsa malamulo otchedwa Vos estis lux mundi olamula kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yolandirira madandaulo a nkhanza zotere. Kudandaula za wansembe, sisitere, katekisiti kapena mtsogoleri wa gulu la mapemphero amene wapyola malire si kuukira Mpingo.

Nanga weniweni amaoneka bwanji?

Dostoevsky yemweyo anajambulanso mlangizi wabwino, m'buku lake lomaliza la Abale a Karamazov, la mu 1880. Ndi mmonke wokalamba, Zosima. Anthu ankabwera kwa iye kuchokera kutali, monganso amachitira kwa onyenga, choncho kuchuluka kwa anthu si umboni wa chilichonse. Kusiyana kuli pa zimene ankachita nawo. Kunabwera mayi amene mwana wake wa zaka pafupifupi zitatu anamwalira, ndipo chifukwa cha chisoni anasiya mwamuna wake kunyumba n'kumangoyendayenda m'malo opatulika. Zosima sanamuletse kulira, komanso sanamusunge kuti akhale womutsatira. Anamutuma kuti abwerere kwa mwamuna wake. Mayi wina, amene mwana wake anapita kutali osalemba kalata, anali atalangizidwa kuti amupempherere ngati wakufa kuti mwanayo avutike mumtima alembe. Zosima anamuletsa, nati zimenezo zikufanana ndi zamatsenga. Ndipo mnyamata amene ankamukonda koposa, Alyosha, amene ankafuna kukhala pambali pake moyo wonse, anamuuza kuti achoke kunyumba ya amonke akakhale pakati pa anthu, akathandize abale ake.

Foma ankakokera aliyense kwa iye mwini. Zosima ankabweza anthu kwa abale awo. Ndikuona kuti muyeso umenewu ndi wokwanira pa milandu yambiri imene timakumana nayo. Namkungwi weniweni amamulangiza mtsikana masiku owerengeka n'kumubweza kwa make. Mayi wokuphunzitsani geni moona amasangalala tsiku limene mwapita nokha kukaoda, ndipo buku la ndalama amalitsegula pamaso panu. Pakatha chaka muli ndi mlangizi wanu, dziyang'aneni. Kodi anzanu achuluka kapena atha? Kodi mungamuuze kuti "ayi, pamenepa sindikugwirizana nanu" popanda kugona ndi mantha? Kodi zimene mumakambirana mungazinene pamaso pa amuna anu, mayi anu kapena amayi a m'bungwe? Ngati anayamba wakuuzani kuti abale anu ndi amene akukulodzani, kuti anzanu akukuchitirani nsanje, kuti iye yekha ndiye akukumvetsani, dziwani kuti akudula mizu kuti mtengo utsamire pa iye.

Chovuta kwambiri ndi pamene wogwidwayo si inu koma mwana wanu kapena mnzanu. Mtima umafuna kumukalipira ndi kumutchula munthu uja kuti ndi fisi. Kawirikawiri zimenezi zimabweza zinthu m'mbuyo, chifukwa munthu uja anamuuza kale kuti abale ako adzandinyoza, ndiye mukanyoza mwakwaniritsa ulosi wake. Kumbukirani kuti a m'nyumba ya Yegor ndi amene analirira Foma kuti abwerere. Chothandiza ndi kusadula ubale. Muziyenderana, muzimuitana kumphakati ndi kumaliro, muzimufunsa mafunso m'malo momuweruza: ndalama zija anasunga ndani, chiphaso chako chili kuti, unamuuzapo kuti ayi n'kuona mmene anachitira? Akayamba kuyankha yekha, maso amatseguka msanga kuposa mukamamuuza.

Koma ngati ndi mwana wosakwana zaka 18, kapena pali kugwiriridwa, kuopsezedwa, kulandidwa chiphaso kapena kuletsedwa mankhwala, si nkhani yodikiranso kapena yokambirana pansi pa mtengo kuti wolakwayo alipire mbuzi. Pitani kupolisi ku ofesi ya Victim Support Unit, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana, ndipo 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Ndipo mwana wanu akamanyamuka ulendo wa ntchito yakunja umene wina wamukonzera, jambulani pasipoti yake ndi kalata ya ntchitoyo, lembani dzina lonse ndi nambala ya womutengayo, mukafunse ku ofesi ya zantchito ngati munthuyo ndi wodziwika, ndipo mugwirizane mawu amodzi achinsinsi amene akadzawanena pafoni mudzadziwe kuti pali wina akumvetsera ndipo zinthu sizili bwino.